Msilikali amene adabwerera: tim'kumbukire bwanji Chancy Chitete?

Mwezi wa Novembala ukafika, dzuwa la mu Lilongwe limawomba mopanda chisoni, ndipo fumbi la m'misewu ya ku Area 23 limakhala likudikira mvula yoyamba. Ndi mwezi womwewu umene timayamba kuona timaluwa tofiira pa malaya a nduna za boma, a owerenga nkhani pa kanema ndi a asilikali amene timakwera nawo minibasi. Lamulungu lachiwiri la mweziwu atsogoleri amakaika nkhata za maluwa pa chipilala cha chikumbutso cha ku Area 18 ndi pa chipilala cha ku Zomba. Lipenga limalira, khamu limakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenako aliyense amabwerera kwawo.

Ife okhala dera lino sitili kutali ndi Kamuzu Barracks. Kwa ife msilikali si munthu womumva pa wailesi chabe. Ndi mnansi wochita lendi nyumba yoyandikana ndi yathu, ndi bambo wa mwana amene timam'phunzitsa Qur'an ku madrasa, ndi m'bale amene timaima naye pa mzere umodzi pa swala ya Ijumaa. Kwa inunso a m'mbali mwa nyanja zili chimodzimodzi, pakuti ku Salima kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi kampu ya asilikali odumpha m'ndege, ndipo ku Monkey Bay kuli asilikali a pamadzi. Ndi mabanja ochepa a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene alibe mwana, mlamu kapena mdzukulu wovala yunifomu.

Tsiku lina titamaliza swala ya Asr, mnyamata wina wa Fomu 3 adatsalira pakhonde la mzikiti anzake atabalalika. Adadikira kuti akuluakulu avale nsapato zawo, kenako adayandikira nati: "Shehe, bambo anga akuti mwina chaka chamawa adzawatumiza ku ntchito ya kunja. Akakafera kumeneko, adzatchedwa shahid? Nanga ifeyo tidzatani?"

Mwana mmodzi, mafunso awiri. Yankho la funso loyamba lili ndi Allah yekha. Yankho la funso lachiwiri lili m'manja mwathu. Kuti timve bwino kulemera kwa mafunso onse awiri, tiyeni tiyambe ndi nkhani ya msilikali mmodzi wa dziko lino amene adapita ku Congo osabwerako wamoyo.

Tsiku la ku Kididiwe

Kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, m'chigawo cha North Kivu, kuli tauni yotchedwa Beni. Kuyambira chaka cha 2014, anthu a m'midzi yozungulira tauniyi akhala akuphedwa ndi mfuti, zikwanje ndi nkhwangwa ndi gulu la zigawenga la Allied Democratic Forces, lodziwika ndi dzina loti ADF. Gululi lidayambitsidwa ndi zigawenga zochokera ku Uganda m'zaka za m'ma 1990, n'kukhazikika m'nkhalango za ku Congo. Mu Ogasiti 2018 m'dera lomwelo mudabuka mliri wa Ebola, ndipo achipatala ankalephera kufikira odwala chifukwa cha kuwombera kwa zigawengazo.

Asilikali athu adali komweko. Mu Malichi 2013, nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations idakhazikitsa gulu lapadera lotchedwa Force Intervention Brigade, pansi pa ntchito yosungitsa mtendere ya MONUSCO. Asilikali a gululi adachokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi. Mosiyana ndi osungitsa mtendere ena, amene amangoima pakati pa magulu omenyana, gulu limeneli lidapatsidwa mphamvu zolondola zigawenga kumene zabisala.

Pakati pa mwezi wa Novembala 2018, asilikali a Malawi ndi Tanzania, pamodzi ndi asilikali a boma la Congo, adalowa m'nkhalango ya ku Kididiwe, kufupi ndi Beni, kuti akaphwasule misasa ya ADF. Ntchitoyo idapatsidwa dzina loti Usalama, mawu a Chiswahili amene khutu la Msilamu limamvamo salaam. Pa 14 Novembala zigawenga zidawathira zipolopolo koopsa. Gulu limene mudali Private Chancy Chitete lidatsalira likubweza moto kuti anzawo apeze mpata wosamukira pamalo otetezeka. Itakwana nthawi yoti nalonso lichoke, Chitete adaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atagona pansi atavulala kwambiri, zigawenga zikuyandikira.

Njira yopulumukira idali yotseguka. Chitete adabwerera. Adam'koka mnzakeyo pakati pa zipolopolo kufikira pamalo obisika, nayamba kum'patsa thandizo loyamba. Ali mkati momuthandiza, chipolopolo chidam'peza ndipo adafera pomwepo. Omary adapulumuka.

Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mwambiwu timaunena titakhala pa mkeka, tiyi ali m'manja. Chitete adauchita pamene mtengo wake udali moyo wake. Panalibe nthawi yofunsana za dziko, mtundu kapena chipembedzo. Adaona munthu amene akadafa akadasiyidwa, ndipo sadam'siye.

Sadafe yekha pa nkhondo imeneyo. Pamodzi naye dziko lidalira Lieutenant Aubrey Kachemwe, Sergeant Steven Kambalame, Corporal Jonathan Kapichiri, Private Benjamin Nsongela ndi Private Simplex Taferakaso. Tawatchula mayina mwadala. Chiwerengero chimaiwalika msanga, koma dzina lili ndi mayi amene adalipereka, ndiponso mwana amene adzalilemba pa fomu ya mayeso.

Mendulo ya dzina la Msilamu

Pa 24 Meyi 2019, ku likulu la United Nations mu mzinda wa New York, mlembi wamkulu wa bungweli António Guterres adapereka kwa mkazi wa Chitete ndi achibale ake mendulo yapamwamba kuposa zonse zimene bungweli limapereka kwa osungitsa mtendere. Mendulo imeneyi imatchedwa dzina la Captain Mbaye Diagne. Idakhazikitsidwa mu Meyi 2014, ndipo idaperekedwa koyamba mu 2016 ku banja la Diagne mwiniwakeyo. Kuchoka apo, munthu woyamba pa dziko lonse lapansi kuilandira adali mwana wa Malawi.

Kodi Mbaye Diagne adali yani? Adali Msilamu wa ku Senegal, msilikali wotumidwa ndi United Nations ku Rwanda mu 1994, pamene anthu mazana a zikwi ankaphedwa chifukwa cha mtundu wawo. Ntchito yake idali yongoyang'anira ndi kupereka malipoti, ndipo sankayenda ndi mfuti. Koma iye adayamba kunyamula anthu m'galimoto yake, ochepaochepa, kuwadutsitsa pa zipata za akupha aja mwa kuwanyengerera ndi kuwaseketsa, n'kukawasiya kumalo otetezeka monga hotela ya Mille Collines mu mzinda wa Kigali. Mwa amene adawapulumutsa mudali ana a nduna yaikulu ya dzikolo, Agathe Uwilingiyimana, imene idaphedwa pa 7 Epulo. Anthu amene adawapulumutsa adali mazana ambiri. Pa 31 Meyi 1994 bomba lidaphulika pafupi ndi galimoto yake ndipo adafa. Anzake adasowa thumba loikamo mtembo, adangom'kulunga mu lona.

Taonani mmene mbiri yalukanira. Mendulo ya dzina la Msilamu wa ku Senegal, amene adafa akupulumutsa anthu a ku Rwanda, idapita kwa Mmalawi amene adafa akupulumutsa Mtanzania m'nkhalango ya ku Congo. Mu Surah Al-Ma'idah, ndime 32, Allah akuyerekeza kupulumutsa moyo umodzi ndi kupulumutsa mtundu wonse wa anthu. Ndime imeneyi ana athu amailoweza pamtima. Ndi bwino adziwenso kuti pali anthu a m'nthawi yathu ino amene adaichita ndi manja awo.

Si lero tidayamba kulira asilikali

Inu a ku Mangochi mumadutsa tsiku ndi tsiku pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima ya Guendolen, imene pa 13 Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Majeremani pa doko la Sphinxhaven, lotchedwa Liuli masiku ano, kutsidya kwa nyanja yathu. Pa 9 Sepitembala chaka chomwecho kudachitika nkhondo ya ku Karonga. Umo ndi mmene nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, idalowera m'dziko muno.

Olemba mbiri amati amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 adamenya nkhondoyo ngati asilikali, ndipo pafupifupi 200,000 adatengedwa kukhala amtengatenga, osenza katundu wa nkhondo pamutu. Mwa asilikali a King's African Rifles, ambiri adali Ayao, agogo athu Asilamu a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba. Pa nkhondo yachiwiri ana awo adafika ku Ethiopia, ku Madagascar mpaka ku Burma. Gule wa beni, amene anyamata athu amavina atavala ngati asilikali, adachokera ku maperete a nthawi imeneyo. Ndi zomvetsa chisoni kuti dzina limene kwathu ndi la gule, ku Congo ndi la tauni imene kufupi nayo kudagwera ana athu.

Mu Novembala 1914, Mbusa John Chilembwe adalemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti Aafirika osauka akutumizidwa kukafa pa nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa umphawi. Funso lake lidali lomwelija la mnyamata wa pakhonde la mzikiti: nanga otsalawo adzatani? Amtengatenga ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda, ndipo mayina awo sadalembedwe pa mwala uliwonse. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza ndi kupepesa kuti Aafirika zikwizikwi amene adafa pa nkhondo yoyamba sadakumbukiridwe mofanana ndi Azungu.

Dziko litalandira ufulu, mndandanda sudatsekedwe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali athu adafa akulondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique. Mu Januwale 2025 asilikali athu atatu, amene adatumizidwa ndi bungwe la SADC, adaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi gulu la M23 kufupi ndi mzinda wa Goma. Nkhondo siimanga mudzi, koma imadziwa njira yofikira m'midzi yathu.

Shahid ndani?

Tsopano tibwerere ku funso loyamba la mnyamata uja. Pali chinthu chowawa chimene sitiyenera kuchibisa. Gulu la ADF, limene lidapha Chitete ndi anzake, limadzitcha lachisilamu, ndipo kuyambira 2019 gulu la Islamic State limalitenga ngati nthambi yake. Anthu a maganizo omwewo ndi amene akhala akuwotcha midzi ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique, kuyambira Okutobala 2017, ndipo ambiri mwa amene aphedwa kapena kuthawa kwawo kumeneko ndi Asilamu anzathu. Magulu otere amanyenga anyamata osowa ntchito ndi ndalama pamodzi ndi lonjezo loti akafa adzakhala mashahid. Makolo a ku Makanjira, Namwera ndi madera onse a m'malire, mawu amenewa musawamve ngati nkhani ya kutali.

Khalifa woyamba, Abu Bakr, Allah asangalale naye, potumiza asilikali adawalamula kuti asaphe mwana, mkazi kapena nkhalamba, ndiponso kuti asadule mitengo yobala zipatso. Munthu amene amalowa m'mudzi usiku ndi chikwanje n'kupha mayi ndi khanda lake waswa malamulo onsewa, ngakhale atafuula dzina la Allah mokweza chotani. Mu Surah An-Nisa, ndime 75, Qur'an yolemekezeka ikulimbikitsa kuimirira amuna, akazi ndi ana oponderezedwa. M'nkhalango ya ku Kididiwe, oponderezedwa adali anthu a m'midzi ya ku Beni, ndipo owaimirira adali amene adabwera kudzawateteza.

Komabe dzina loti shahid si mendulo imene Shehe, boma kapena gulu lililonse lingapachike pachifuwa cha munthu. Imam Bukhari, m'buku lake la hadith, adaika mutu wapadera wotichenjeza kuti tisamagamule kuti uje ndi shahid. M'buku la Imam Muslim muli nkhani ya munthu wofera ku nkhondo amene adzakhale mwa oyamba kuweruzidwa pa tsiku la Qiyamah, ndipo adzapezeka kuti ankamenya nkhondo kuti anthu amutame kuti ndi wolimba mtima. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, adatiphunzitsa kuti ntchito iliyonse imayesedwa ndi niya, cholinga cha mumtima, ndipo mtima amauona ndi Allah yekha. Ife timaona ntchito, timaiyamikira, timayembekezera zabwino kwa Allah, koma chigamulo timam'siyira Iye.

Ena amafunsa ngati n'koyenera kuti Msilamu alemekeze msilikali wa chipembedzo china. Swala ya janaza ili ndi malamulo ake, ndipo timaswalira Msilamu. Koma kupepesa maliro, kuthandiza ofedwa ndi kunena zabwino zimene munthu adachita ndi udindo wathu kwa mnansi aliyense. Tsiku lina maliro a Myuda akudutsa, Mtumiki (SAW) adaimirira, ndipo atauzidwa kuti womwalirayo ndi Myuda, adawakumbutsa Maswahaba kuti nayenso ndi mzimu wa munthu. Za kuvala kaluwa kofiira ndi kuima chete kwa mphindi ziwiri, ma Ulama amasiyana maganizo: ena amati ndi mwambo wa dziko wopanda vuto, ena amati ndi bwino kuupewa. Tisagawanike pa zimenezi. Pali zina zimene palibe Shehe ndi mmodzi yemwe amene amatsutsa, ndipo n'zimene timazinyalanyaza kwambiri.

Mmene Mtumiki ankawakumbukira

Mtumiki (SAW) adaikapo asilikali ake m'manda, ndipo mbiri idasunga zimene adachita. Pa nkhondo ya Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijra, kudafa Maswahaba pafupifupi 70, kuphatikizapo Hamza, m'bale wa bambo ake. Mus'ab bin Umair, amene adakulira m'chuma ku Makka, adasowa nsalu yokwanira yomuikira m'manda: akaphimba kumutu mapazi amaonekera, akaphimba mapazi kumutu kumaonekera. Mtumiki adalamula kuti aphimbe kumutu, kumapazi aikeko udzu. Tikamamva za lona la Mbaye Diagne, timakumbukira nsalu yaifupi ya Mus'ab. Ulemu wa munthu suli pa mtengo wa chimene adam'kulungamo.

Mtumiki sadawaiwale anthu a ku Uhud. Patapita zaka zisanu ndi zitatu, atatsala pang'ono kumwalira, adawapempherera ngati munthu wotsanzika amoyo ndi akufa omwe. Kuchezera manda ndi kupemphera duwa ndi mbali imodzi ya chikumbutso. Mbali inayo ili pa nkhani ya Jabir bin Abdullah, mnyamata amene bambo ake adafera ku Uhud n'kumusiyira ngongole ndi azilongo ake ambiri oti awalere. Angongole atam'panikiza, Mtumiki adapita yekha kumunda wake wa tende, adapempha madalitso pa zokolola, nakhala pomwepo mpaka ngongole yonse itabwezedwa.

M'chaka chachisanu ndi chitatu cha Hijra, pa nkhondo ya Mu'tah, kudafa atsogoleri atatu motsatizana: Zaid bin Haritha, Ja'far bin Abi Talib ndi Abdullah bin Rawaha. Mtumiki adapita kunyumba kwa Ja'far, adaitana ana ake, adawakumbatira misozi ili m'maso, kenako adamuuza mayi wawo, Asma bint Umais. Atatuluka adalamula anthu kuti aphikire chakudya banja la Ja'far, popeza lidagweredwa chimene chidalitangwanitsa. Patapita masiku atatu adabweranso, adaitana wometa kuti awamete anawo, adawapempherera, ndipo mayi wawo atadandaula za umasiye wawo, adam'tsimikizira kuti iye mwini ndiye mtetezi wawo.

Onani zimene zili m'nkhanizi: kupita kunyumba, kukumbatira ana, kuphika chakudya, kubweza ngongole, kubweranso tsiku lachitatu. Chikumbutso cha Mtumiki chinkalowa pakhomo la womwalirayo n'kufika mpaka kukhitchini.

Nyumba imene yatsala

Maliro a msilikali amakhala aulemu. Bokosi limakutidwa ndi mbendera, anzake amaguba, mfuti zimalira kumanda, akuluakulu amalankhula. Patapita sabata, magalimoto onse apita. Chimene chimatsala ndi mayi wa zaka zosakwana makumi atatu, ana awiri kapena atatu, ndi chithunzi pakhoma. Apa ndi pamene ulemu weniweni umayambira, ndipo tikufuna titchule zinthu zisanu.

Choyamba ndi chakudya cha pamaliro. Tatembenuza sunnah chadodolido. M'malo moti ife tiphikire ofedwa, ofedwa ndi amene amagulitsa mbuzi ndi kukongola chimanga kuti adyetse khamu. Maliro n'kulirana. Wobwera kudzapepesa abwere ndi ufa, nkhuni kapena usipa, asabwere ndi mimba yokha.

Chachiwiri ndi ngongole. M'buku la Imam Muslim timaphunzira kuti ngakhale wofera m'njira ya Allah amakhululukidwa zonse kupatula ngongole. Ogwira ntchito ambiri masiku ano ali ndi ngongole za ku banki, za ku banki m'khonde ndi za pagolosale. Chuma chisanagawidwe, abale afufuze ngongole ndi kuzibweza. Ndipo amene womwalirayo adali naye ngongole, ngati angathe, akhululuke. Imeneyo ndi nkhata ya maluwa imene siifota.

Chachitatu ndi chuma cha masiye. Msilikali akafera pa ntchito, pamabwera chipepeso ndi ndalama za penshoni. Ndalama zikangomveka, amatulukira achibale amene sadaonekepo mwana akudwala. Tawaonapo amayi amasiye kuno ku Area 23 atalandidwa mipando, mabedi ndi mapepala a puloti, n'kubwerera kumudzi ndi chikwama cha zovala chokha. Surah An-Nisa, ndime 10, ikufanizira kudya chuma cha ana amasiye ndi kudzaza moto m'mimba, ndipo ndime 11 ndi 12 zikugawa chuma momveka: mkazi amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu ngati pali ana, bambo ndi mayi a womwalirayo amalandira gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi aliyense, ndipo chotsala ndi cha ana. Pamene pali mwana wamwamuna kapena bambo wa womwalirayo, achimwene ndi alongo alibe gawo. Amalume, amene mwambo wathu umawalemekeza ngati eni mbumba, ulemu wawo ndi woteteza ana, osati wolowa m'nyumba ndi kiyi. Nalo lamulo la dziko lino la chuma cha masiye, la chaka cha 2011, limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Munthu sangaime chete mphindi ziwiri pa chipilala m'mawa, madzulo n'kukanyamula firiji ya mkazi wa m'bale wake.

Chachinayi ndi eda. Surah Al-Baqarah, ndime 234, ikuika miyezi inayi ndi masiku khumi kwa mkazi amene mwamuna wake wamwalira. Timalimbikira kumuuza mayiyo zimene sayenera kuchita pa nthawiyi, koma sitifunsa kuti adya chiyani ndipo lendi alipira ndani. Nyumba ya pakampu ndi ya ntchito, ya lendi ndi ya mwini wake. Komiti ya mzikiti uliwonse iyenera kukhala ndi kaundula wa amayi amene ali pa eda, ndipo zakaat ndi sadaka za m'deralo ziyambire pamakomo amenewo.

Chachisanu ndi sukulu ya ana. Ichi ndiye chikumbutso chotalika kuposa zonse, pakuti mwana amene bambo ake adamwalira ali wakhanda adzafuna yunifomu, makope ndi fizi kwa zaka zoposa khumi ndi ziwiri. Mtumiki (SAW) adalonjeza kuti wolera mwana wamasiye adzakhala naye pafupi ku Jannah, ndipo adaonetsa kuyandikanako ndi zala zake ziwiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mabanja asanu atagwirizana kulipirira mwana mmodzi teremu ndi teremu, palibe amene angalemedwe.

Kwa inu asilikali amene muli moyo, tili ndi pempho limodzi. Musanakwere ndege, lembani wasiya, imene ena amati wilo. Mtumiki adalangiza kuti Msilamu amene ali ndi choti alangize asagone masiku awiri osachilemba. Lembani ngongole zanu, tchulani ana anu onse, ngakhale a kwa mayi wina, ndipo onetsetsani kuti mayina amene ali m'mafomu a kuntchito ndi olondola. Kulemba wasiya sikuitana imfa. Ndi kutchinjiriza ana anu ku nkhondo ina imene imayamba bokosi likangotsikira m'manda.

Tisaiwalenso amene adabwerako. Ena adabwera opanda mwendo, ena ndi thupi lonse koma tulo tidawathawa, amadzidzimuka chitseko chikamenyeka. Amenewa adasenza mitembo ya anzawo. Tisawafunse nkhani za kunkhondo pagulu ngati tikufuna nthano. Tiwachezere, tikhale nawo, ndipo ngati mtima wawo walemedwa tiwalimbikitse kuonana ndi achipatala, pakuti kufuna mankhwala ndi sunnah.

Yankho la pakhonde

Mnyamata uja tidam'fotokozera nkhani ya Chitete, ya Diagne ndi ya ana a Ja'far. Tidamuuza kuti bambo ake akapita ndi niya yoteteza ofooka ndi kudyetsa banja lawo ndi chuma cha halal, ali pa ntchito yolemekezeka, ndipo malipiro awo ali kwa Allah amene sataya ngakhale kanthu kakang'ono ngati njere. Tidamuuza kuti asilikali ambiri amene amapita amabwerako, ndi kuti nthawi ya munthu siifulumira chifukwa ali ku Congo, siichedwanso chifukwa ali ku Area 23.

Adamvetsera mwaulemu, kenako adabwereza funso lake lachiwiri: "Nanga ifeyo?"

Pamenepo tidazindikira kuti yankho limeneli silingaperekedwe ndi pakamwa. Lidzaperekedwa ndi amene adzabwere ndi ufa tsiku lachitatu, ndi amalume amene adzakane kugwira kiyi wa nyumba, ndi komiti imene idzalembe dzina la mayi ake m'kaundula, ndi mnansi amene adzalipire fizi ya Fomu 4. Chancy Chitete adaona mnzake atagwa ndipo adabwerera. Ana a asilikali amene adagwa ali pakati pathu, m'makalasi athu ndi m'mizere ya madrasa athu. Chaka chino lipenga likalira pa chipilala, aliyense wa ife adzifunse kuti ndi khomo liti limene abwerereko.

Allah ateteze ana athu amene ali pa ntchito kutali ndi kwawo, atonthoze mabanja amene adataya okondedwa awo, apereke mtendere kwa anthu a ku Congo ndi a ku Cabo Delgado, ndipo asatipange ife kukhala oiwala ana amasiye. Ameen.